ZA CHIPINDA CHOBWEZA MAU NDI SIPONJI YOCHIZIRA NTHENDAYI

Pamene tidatsiriza kumanga nyumba yathu ya misonkhano, ya njerwa zootcha, ya malata pamwamba ndi simenti pansi, mudzi wonse udakondwera, pakuti tidatopa nako kufolera udzu chaka ndi chaka. Koma tsiku loyamba kuphunzitsiramo, amai ena okalamba, amene adakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, adandiimika potuluka nati: "Aphunzitsi, liu lanu ndalimva bwino lomwe, koma pa zimene mwanenazo sindidatolepo kanthu." Ine ndidayesa kuti makutu ao ayamba kugontha, ndipo sabata yotsatira ndidakweza mau koposa. Zinthu zidangoipiraipira. Ana adayamba kusewera, akulu adayamba kuodzera, ndipo pa msonkhano wa mudzi anthu awiri adatsala pang'ono kumenyana chifukwa wina adamva zimene mnzake sadanene. Akulu adanenetsa kuti walira mvula walira matope. Tidalira nyumba yolimba, ndipo pamodzi nayo tidalandira chipinda chobweza mau.

Nthenda imeneyi iri m'masukulu ambiri, m'maholo ndi m'nyumba zatsopano, choncho ndaganiza zokufotokozerani chiyambi chake ndi mankhwala ake.

Mau amapita kuti?

Munthu akalankhula, mau ake amayenda mu mpweya ngati mafunde a pa dziwe, ndipo amathamanga mamita 343 pa sekondi imodzi. Pa bwalo mafundewo amangopita osabwerera. M'chipinda amagunda khoma. Ndipo ngati khomalo ndi louma ndi losalala, monga pulasitala, simenti, galasi kapena lata, limabweza pafupifupi mau onse, nkusungako pang'ono pokha. Taganizani tsono: m'chipinda chotalika mamita 10, liu limodzi limatha kuoloka kuchokera ku khoma lina kufika ku linzake koposa ka 30 pa sekondi imodzi. Mphunzitsi akamanena liu lachitatu, loyamba lija likali kuzungulira m'chipindamo, ndipo onse amafika m'khutu ali osakanikirana ngati chimanga ndi mapira m'lichero limodzi. Wachinyamata amatha kusankha ndi kuganizira zimene zatayika. Koma nkhalamba, mwana wamng'ono, ndi munthu womvera chilankhulo chimene si cha kwao, iwo amatsala m'mbuyo. Kukweza mau sikuthandiza, pakuti khoma limabweza mokweza momwemo.

Makolo athu sadaidziwe nthendayi. Udzu wa pa denga, mikeka, zikopa ndi nkhokwe za katundu zinali kumwa mau mwakachetechete, eni ake osadziwa kuti ziri kuwagwirira ntchito yotere.

Munthu amene adayesa mau ndi mitsamiro

Amene adayamba kuyesa chinthu chimenechi ndi masamu ndi Wallace Clement Sabine, mphunzitsi wa pa sukulu yaikulu ya Harvard ku America. M'chaka cha 1895 akuluakulu ake adampatsa ntchito yokonza chipinda chophunzitsiramo m'nyumba yatsopano yotchedwa Fogg Art Museum, m'mene liu linali kumveka koposa masekondi 5 mwini wake atatseka kale pakamwa. Sabine adagwira ntchito usiku, mzinda uli zii. Iye ndi omthandiza anali kunyamula mitsamiro ya pa mipando kuchokera ku nyumba ina yapafupi, yotchedwa Sanders Theatre, naiyala m'chipindamo, naliza chitoliro cha limba, nawerenga pa wochi nthawi imene kulirako kunali kutha. Ndipo kusanache anali kubweza mitsamiroyo kwao. Atachita chotero usiku wambirimbiri adapeza lamulo ili: chipinda chikakula, mau amachedwa kutha, zinthu zofewa zikachuluka, mau amatha msanga, ndipo mukachulukitsa kawiri zinthu zomwa mau, nthawi ya kumvekako imatsika ndi theka. Ndi nzeru imeneyi adathandiza omanga Symphony Hall ya ku Boston, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1900, ndipo kufikira lero imatchuka chifukwa cha kamvekedwe kake kokoma.

Akatswiri a masiku ano amalangiza kuti m'chipinda cha sukulu cha ukulu wamba mau asamveke kupitirira gawo 0.6 la sekondi. Inu mungayese chipinda chanu popanda makina. Imani pakati chiri chopanda anthu, muombe m'manja kamodzi mwamphamvu, ndipo mumvetsere. Kuombako kukatha pomwepo, chipinda chiri bwino. Kukasiya kamchira kolira, chipinda chiri kudwala.

Siponji yomwa mau

Mwa mankhwala amene amagulitsidwa lero, odziwika kwambiri ndi zidutswa za siponji zimene amalonda amazitcha acoustic foam. Mudaziona kapena pa zithunzi za nyumba zoulutsira mau kapena zojambulira nyimbo: zotuwa kapena zakuda, za mizere ngati munda wolimidwa kumene, zina za nsonga ngati timapiri. Zambiri ndi za masentimita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi, ndipo kuchindikala kwake ndi masentimita 2.5, kapena 5, kapena 10.

Mphamvu yake iri m'timabowo tosawerengeka tolumikizana m'kati. Funde la mau likalowamo, mpweya umakhulana ndi timakoma ta timabowoto, mphamvu ya mau nisanduka kutentha kochepa kwambiri kosamveka ndi dzanja, ndipo chobwerera m'chipinda chimachepa. Chifukwa chake musanagule, ikani chidutswa pakamwa muuzire: mpweya ukadutsa, ndiyo siponji yoyenera. Choyera chopepuka chija chimene amatchinjirizira wailesi m'katoni sichidutsa mpweya, ndipo sichimwa mau. Mateleyi a mazira, ngakhale amafanana ndi siponji m'maonekedwe, thandizo lake ndi lochepa ndithu. Ndiponso musapake penti pa siponji pofuna kuikongoletsa, pakuti penti imatseka timabowo tija, ndipo ndalama zanu zimakhala zapita m'madzi.

Kuchindikala nako kuli ndi ntchito. Siponji yopyapyala imamwa mau ang'ono okha, monga a mluzu ndi a ana. Ya masentimita 5 imathandiza bwino pa kulankhula kwa anthu. Koma mau aakulu, monga a ng'oma yaikulu, funde lake limatalika mamita 3 kapena kuposa, ndipo siponji yopyapyala siingaligwire. Amenewo amafuna chinthu chochindikala kwambiri, choikidwa m'ngodya za chipinda m'mene amasonkhana.

Poika pake ndi kuchuluka kwake

Simuyenera kukuta chipinda chonse. Chipinda chomwa mau onse chimatopetsa wolankhula ndipo chimapha nyimbo. Yambani ndi khoma la kumbuyo loyang'anana ndi wolankhula. Kenaka ikani pa makoma a m'mbali, pa msinkhu wa mitu ya anthu ndi kukwera pang'ono. Pamene makoma awiri osalala ayang'anana, mau amakankhidwa uku ndi uku ngati mpira; kuphimba limodzi mwa awiriwo kumathetsa masewerawo. Mukakhoma siponji pa timatabwa, nkusiya mpata wa zala zitatu pakati pa iyo ndi khoma, imamwa bwino koposa yomatidwa pa khoma penipeni, ndiponso pulasitala saonongeka ndi guluu.

Pa kuchuluka ndi pamene ambiri amanyengeka. Munthu amagula zidutswa 12, nazimata apa ndi apo, nadandaula kuti adambera. Werengani nane. Zidutswa 11 za masentimita 30 ndizo zimadzaza malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Nyumba yathu ndi ya mamita 10 m'litali, 6 m'lifupi ndi 3 msinkhu, ndipo titawerenga mwa lamulo la Sabine tidapeza kuti imafuna malo otere pafupifupi 20, ndiko kunena zidutswa zoposa 200. Kumbukiraninso kuti anthu ndi zovala zao amamwa mau. Nchifukwa chake nyumba yodzaza imamveka bwino kuposa ya anthu owerengeka.

Chimene siponji siingachite

Pano mumvetsetse, abale, kuti mungataye chuma chanu. Siponji imachiza kubwerera kwa mau m'kati mwa chipinda. Siitseka phokoso lochokera kunja, kapena kuletsa lanu kufika kwa anansi. Chigayo cha pafupi, wailesi ya mnzanu, mvula yogunda pa malata, zonsezi zidzalowabe. Phokoso limatsekedwa ndi zinthu zolemera ndi zopanda mipata: khoma lochindikala, chitseko cholimba chokhala bwino m'mphuthu zake, mazenera otsekeka, ndi siling'i pansi pa malata. Wamalonda akakuuzani kuti siponji idzakubisirani phokoso la mseu, mumuyankhe mwaulemu, ndalama zanu zikhale m'thumba.

Chenjerani ndi moto

Chotsala ndicho chachikulu koposa zonse. Siponji wamba ya mtundu wa polyurethane, yonga ya matilesi, imayaka msanga, imadontha moto, ndipo utsi wake wakuda uli ndi poizoni wakupha munthu asanafike pa khomo. Pa 20 Febuluwale 2003, ku West Warwick m'dera la Rhode Island ku America, moto wa zothethetsa za oimba udagwira siponji ya pa makoma a nyumba ya zisangalalo yotchedwa The Station, ndipo anthu 100 adafa. Pa 27 Januwale 2013, mu mzinda wa Santa Maria ku Brazil, siponji ya ku denga la nyumba yotchedwa Kiss idayaka mwa njira yomweyo, ndipo adafa anthu 242, ambiri a iwo achinyamata a pa sukulu, makamaka chifukwa cha utsi.

Safunsa adadya phula. Funsani wogulitsa akuonetseni cholembedwa chotsimikiza kuti siponjiyo idayesedwa pa moto. Ya mtundu wa melamine imapirira moto koposa, ngakhale mtengo wake ndi wokwera. Palinso ubweya wopangidwa ndi miyala yosungunula, wotchedwa mineral wool, umene suyaka wamba. Umaikidwa m'kafelemu ka matabwa nkukutidwa ndi nsalu, ndipo m'nyumba yosonkhanamo anthu ambiri ndiwo wabwino. Matilesi akale musawakhome konse ku khoma. Chirichonse mwaika, chitalikirane ndi kandulo, koloboyi, mbaula ndi mawaya a magetsi, ndipo khomo lotulukira likhale losatsekereza.

Zimene ife tidachita

Ndalama za zidutswa 200 tidalibe. Tidagula zochepa zoyesedwa pa moto, nkuzikhoma zonse pamodzi pa khoma la kumbuyo. Amai adasoka makatani ochindikala a makwinya ambiri, adayala mikeka pa simenti pamene ana amakhala, ndipo kabati ya mabuku tidaichotsa ku ofesi nkuiimika ku khoma la m'mbali. Makandulo tidawaletsa kufika kumbuyoko. Chipinda sichidachire kotheratu, pakuti siling'i tikali kusonkhera. Koma kamchira kaja ka kuomba m'manja kadafupika momveka ndi aliyense.

Sabata yotsatira ndidalankhula ndi liu langa la masiku onse. Potuluka amai okalamba aja adandiimikanso nati: "Lero ndamva zonse, aphunzitsi, ndipo pali pena pamene sindikuvomerezana nanu." Tidakhala pa khonde kufikira dzuwa litapendeka, tiri kukambirana.

Tsono inu a m'makomiti a sukulu ndi a nyumba za misonkhano, musanadzudzule ana kuti ndi osamvera kapena akulu kuti agontha, pitani mukaime pakati pa chipinda chanu, mukaombe m'manja kamodzi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa kumudzi