Zomwe madzi a mtsinje wa Mwanza akutiuza

M'mwezi wa Okutobala, pomwe kutentha kuno ku Chikwawa kumapitirira madigiri 40, mtsinje wa Mwanza umasanduka bwalo la mchenga. Amayi amafukula timaenje pakati pake kudikira kuti madzi atumphuke, ng'ombe zili chiimire pambali. Koma mvula ikangogwa kumapiri a ku Mwanza, mtsinje womwewo umadzaza m'maola ochepa n'kusefukira m'minda ndi m'midzi. Kuuma ndi kusefukiraku gwero lake ndi limodzi, ndipo lili kumtunda.

Moyo wa mtsinje umadalira dera lonse lomwe madzi ake a mvula amatsikira mumtsinjemo: mapiri, makwawa, minda ndi madambo. Pamene pali mitengo ndi udzu, mvula imalowa pansi pang'onopang'ono n'kumatuluka mu akasupe mpaka m'chilimwe. Mitengo ikathera ku makala ndipo m'mapiri mukalimidwa popanda akalozera, madzi amathamanga nthawi imodzi atakokolola nthaka. Nthakayo imakakhazikika kuno kuchigwa, kumene mtsinje umayenda mofatsa, ndipo imaukwirira. Mtsinje wokwiririka susunga madzi m'chilimwe, komanso sutha kuwanyamula m'dzinja.

Kuyeza madzi ndiyo njira yodziwira kukula kwa vutoli, ndipo akatswiri amayang'ana kwambiri zinthu zitatu. Choyamba ndi matope. Kuchuluka kwa matope kumasonyeza nthaka yomwe yachoka m'minda ya kumtunda, koma kulinso ndi choopsa china chomwe ambiri sachidziwa: kolorini sagwira bwino ntchito m'madzi amatope, chifukwa tizilombo timabisala m'timibulu ta dothi. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amati madzi otere ayambe adikha kapena asefedwe pansalu yoyera asanathiridwe mankhwala. Chachiwiri ndi tizilombo tochokera m'chimbudzi cha anthu ndi ziweto. Mlingo wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi wakuti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilombo ka E. coli ngakhale kamodzi. Madzi angathe kuoneka oyera mbee koma ali ndi tizilomboti, ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udakali m'maganizo mwathu.

Chachitatu ndi mchere, vuto lomwe anthu a m'chigwa cha Shire amalidziwa ndi lilime. Mijigo yambiri m'boma lino imatulutsa madzi amchere chifukwa cha mmene nthaka ya pansi ilili, ndipo mvula yochepa pamodzi ndi dzuwa loswa mtengo zimawonjezera vutoli. Mjigo wotere anthu amausiya n'kubwerera kumtsinje, komwe amakakumana ndi matenda, nthawi zinanso ng'ona. Kunena zoona, mjigo wokumbidwa popanda kuyeza madzi ake usanaperekedwe kwa anthu ndi ndalama zotayika, ngakhale mwambo woutsegulira utakoma bwanji.

Nyama zakutchire nazo zikuona zomwezi. Nkhalango ya Lengwe, yomwe idakhala paki mu 1970, imadziwika ndi nyala. M'chilimwe mitsinje yake imauma, moti nyala, njati ndi njiri zimadalira maiwe omwe amathiridwa madzi opopedwa kuchokera pansi. Madzi apansiwo ndi omwewonso omwe midzi yozungulira imatunga. Ku Majete, komwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2003, zipembere, njovu ndi mikango zidabwezeretsedwa, ndipo nyamazi zimamwa m'mitsinje ya Mkulumadzi ndi Shire, yomwe imachokera kutali kunja kwa mpanda wa nkhalangoyo. Mpanda umatchinga nyama, koma matope amadutsa. Kumunsi kwenikweni kuli dambo la Elephant Marsh, lomwe mu 2017 lidalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Asodzi, mbalame ndi mvuu za kumeneko ndizo zimalandira zonse zomwe mitsinje yanyamula.

Lamulo la zamadzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti liziyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka madzi, koma lamulo silidzala mtengo. Ntchitoyo ili m'manja mwa mafumu ndi makomiti a zachilengedwe m'midzi: kusamalira mphukira m'malo omwe mitengo idadulidwa, kudzala vetiva m'mizere ya akalozera, ndi kusiya bango ndi nsungwi m'mbali mwa mitsinje m'malo molima dimba mpaka m'madzi. Popeza mtsinje wa Mwanza umayambira m'boma lina, zokambirana zake ziyeneranso kufika kwa anzathu a kumtunda.

Makomiti a mijigo akaona kuti madzi asintha mtundu, fungo kapena kakomedwe, adziwitse msanga mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo kapena ofesi ya zamadzi kukhonsolo, makamaka madzi akangosefukira, pamene zimbudzi zambiri zimagwa.