Mwana akafuna kuthamangitsa kompyuta ya pakhomo

Makolo anzanga, mukamva mwana wanu akutchulatchula mawu oti overclocking, musangogwedeza mutu. Akunena zokakamiza purosesa, kachipangizo komwe kamayendetsa ntchito zonse mu kompyuta, kuti izithamanga kuposa liwiro lomwe opanga anaika. Kawirikawiri amafuna magemu a mpira asamadukeduke. Koma kompyuta yomweyo ndi imene ikusunga zithunzi za ukwati wanu ndi mabuku a ngongole za ku golosale.

Mufunseni kaye ngati makinawo amalola n'komwe. Makompyuta ambiri ogwiritsidwa kale ntchito omwe timagula ku Limbe kapena ku Lilongwe ndi a m'maofesi, a Dell kapena HP, ndipo opanga anatseka malo osinthira liwiro mu BIOS. Malaputopu ambiri chimodzimodzi. Pa Intel, yolola ndi yomwe nambala yake imathera ndi K, monga i5-2500K ya mu 2011, ndipo bodi yake nayo iyenera kulola. Za AMD Ryzen, zomwe zinayamba mu 2017, zambiri zimalola.

Ngati imalola, cholakwika choyamba ndi phuma. Liwiro limapezeka pochulukitsa 100 MHz ndi nambala ina: 33 imapereka 3.3 GHz. Mnyamata amadumpha kuchoka pa 33 kufika pa 45 chifukwa waona wina pa YouTube. Ayi, awonjezere imodziimodzi, ndipo akawonjezera ayese makinawo kwa ola lathunthu ndi pulogalamu ngati Prime95.

Chachiwiri ndiye choopsa. Kompyuta ikayamba kuzima yokha, ophunzira amathamangira kukweza voltage. Chomwe sadziwa n'chakuti ukakweza voltage ndi 10 peresenti, kutentha kumakwera ndi pafupifupi 21 peresenti, liwiro usanalikhudze n'komwe. Purosesa sipsa tsiku lomwelo, koma imafooka pang'onopang'ono.

Ndipo kutentha kwathu kuno si kwa ku Ulaya. Ngakhale mu Ntcheu momwemu, kompyuta yomwe yayenda bwino ku Tsangano mu Juni ikhoza kulephera m'chigwa cha Bwanje mu Okutobala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Onjezerani fumbi la m'mbali mwa msewu wa M1 lomwe limatseka fani, komanso mafuta oziziritsira, a thermal paste, omwe anauma kalekale pamwamba pa purosesa. Ikayandikira madigiri 100, purosesa ya Intel imadzichepetsera yokha liwiro podziteteza. Ndiye mwana uja wavutika usiku wonse kuti makina achedwe kuposa poyamba! Ine ndimati ikamadutsa 85 poyesa, abwerere m'mbuyo.

Sikirini ikangoda bii, musamukalipire msanga, ndiponso musathamangire kugula ina. Zulani chingwe cha magetsi, tsegulani bokosi, chotsani kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo ka pa bodi, dikirani mphindi zisanu n'kukabwezera. Zonse zomwe anasintha zimabwerera mwakale.

Chomwe sichibwerera ndi mafayilo, chifukwa makina ozimazima amatha kuwawononga. Choncho asanakhudze kalikonse, akopere zonse zofunika pa fulashi, fulashiyo musunge ndinu. Ndipo ngati dandaulo lake ndi lakuti kompyuta imachedwa kuyaka ndi kutsegula zinthu, purosesa ilibe mlandu. Apo pakufunika SSD m'malo mwa hard disk yakaleyo, kapena kuwonjezera RAM.