BOLODI PA KHOMA LA NYUMBA

Lero tikambirane za bolodi lakuda, longa la kusukulu lija, limene mungathe kukonza pa khoma la nyumba yanu.

Alimi ambiri amataya chuma chifukwa cha kuiwala. Alangizi amati tizithira feteleza wa Urea patapita masiku 21 chibzalire chimanga, koma ndi angati amene amakumbukira tsiku limene anabzala? Munthu akagulitsa nandolo ku Luchenza, pakutha miyezi iwiri sadziwanso kuti anali matumba angati, ngakhale amene anamkongola ndalamazo. Zonsezi zilembedwe poonekera.

Kakonzedwe kake nkotere. Sankhani khoma losafikidwa ndi mvula, m'kati mwa nyumba kapena pakhonde. Utoto sugwira padothi, choncho muyambe mwamata pulasitala: mbale imodzi ya simenti, mbale zitatu za mchenga wosefa. Malo a mita imodzi mbali zonse ngokwanira. Musalaze bwino, muziwazapo madzi kwa sabata imodzi, kenaka mudikire mwezi wathunthu kuti paume. Ntchito imeneyi njoyenera m'chilimwe, mu August kapena September, pakuti pa khoma lachinyezi utoto umasupuka.

Kusitolo mufunse utoto wa bolodi. Musagule utoto wonyezimira, chifukwa choko chimaterereka pamenepo. Mutakase bwino ndi kupaka ndi bulashi, ndipo m'mawa mwake mupakenso kachiwiri. Mazenera akhale otsegula, moto ndi ana zikhale kutali. Atapita masiku atatu, tikitani choko chogoneka pa bolodi lonse ndi kupukuta ndi nsanza youma. Mukapanda kutero, malemba oyamba adzabvuta kufufuta.

Inu mafumu, chitini cha lita imodzi chikwanira mabanja angapo. Sonkhanitsani anthu anu agule pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wopanda ndalama asinje makala, awasakanize ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, koma aziwonjezerapo kawirikawiri.

Kumtunda kwa bolodi mulembe za kumunda, ndipo musanafufute muzikopere m'kope. Kumunsi musiyire ana. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, ana ngochuluka m'makalasi, ndipo mphunzitsi sangathe kuona dzanja la mwana aliyense. Madzulo mwana alembe dzina lake ndi masamu pamaso panu.

Yambani tsopano, kuti tsiku lobzala likadzafika, polemba padzakhale pokonzeka.