Musanalole AI kuwerenga zomwe mwakopera, onani kaye malongosoledwe a chidacho

Munthu akakopera mawu kapena nambala pafoni kapena pakompyuta, zomwe wakoperazo zimakhala pamalo osaoneka otchedwa clipboard, kudikira kuti azimate kwina. Ambiri saganizirako za malowa, chonsecho m'menemo mumadutsa zinthu zachinsinsi: manambala 20 a mayunitsi a Escom, nambala ya akaunti yakubanki, nambala yotengera ndalama zomwe m'bale wa ku Joni watumiza pa Mukuru, ngakhale mawu achinsinsi olowera mu imelo. Kwa eni malo ogona alendo ku Chintheche ndi ku Kande m'boma la Nkhata Bay, mumadutsanso maina ndi manambala a ziphaso za alendo ochokera kunja.

Nkhaniyi yakula chifukwa kwabwera mapologalamu a AI omwe samangoyankha mafunso, koma amatumikira munthu: kutsegula mafayilo, kulemba makalata, kuwerengera mabilu. Mu Novembala 2024 kampani ya Anthropic idatulutsa njira yotchedwa Model Context Protocol, yolumikizira mapologalamuwa ku zida zosiyanasiyana, ndipo mwa zida zomwe anthu apanga muli zowerenga clipboard. Chida chilichonse chimabwera ndi dzina, malongosoledwe a mizere yochepa, ndi mndandanda wa zomwe chimafuna kuti chigwire ntchito. AI siona m'kati mwa chidacho. Imawerenga malongosoledwewo n'kugamula yokha nthawi yochigwiritsa ntchito. Choncho mizere yochepayo, yomwe opanga ena amalemba mothamanga, ndiyo imawongolera mtumikiyo.

Funso loyamba n'lakuti kodi malongosoledwewo akunena nthawi yoyenera kugwiritsa ntchito chidacho? Kulemba kuti chida chimawerenga clipboard n'kunena zoona, koma n'kosakwanira. Mwini malo ogona akapempha AI kuti iyankhe mlendo wofunsa mtengo wa chipinda, iyo ikhoza kuganiza kuti kusuzumira mu clipboard kuithandiza, n'kupezamo mawu achinsinsi akubanki omwe adakoperedwa m'mawa. Malongosoledwe abwino amanena poyera kuti chidacho chigwiritsidwe ntchito pokhapokha munthu atatchula yekha zomwe wakopera.

Ayeneranso kunena zomwe chida chimabweza: mawu okha kapena zithunzi zomwe, ndi uthenga womwe chimapereka ngati mulibe kanthu. Pa Windows pali mfundo ina yofunika. Mbiri ya clipboard ikayatsidwa, kompyuta imasunga zinthu zofika 25 zomwe zidakoperedwa, kotero munthu ayenera kudziwa ngati chidacho chimatenga chomaliza chokha kapena mbiri yonse.

Pomwe pagona nkhani ndi kumene mawuwo amapita. Chida chotere chimatha kulembedwa kuti n'chongowerenga, ndipo mawuwa amatsitsa mtima chifukwa sichifufuta kapena kusintha kalikonse. Komatu chikangowerenga, zomwe chawerengazo kawirikawiri zimatumizidwa ku makompyuta a kampani ya AI kunja kwa dziko lino, ndipo zikhoza kutsala m'mbiri ya zokambirana. Malongosoledwe osatchula zimenezi asiya chinthu chachikulu koposa zonse. Pali vuto linanso: mawu okoperedwa ku uthenga wa munthu wosamudziwa akhoza kukhala ndi malamulo obisika olunjika kwa AI, monga akuti itumize mafayilo kwina. Wolemba wosamala amachenjeza AI kuti za mu clipboard ndi zoti iwerenge, osati zoti imvere.

Mantha amenewa ali ndi gwero. Mu Marichi 2020 akatswiri awiri, Talal Haj Bakry ndi Tommy Mysk, adaulula kuti mapologalamu ambiri a pa iPhone, kuphatikizapo TikTok, ankawerenga clipboard eni mafoni osadziwa. Chaka chomwecho Apple idayamba kuonetsa chenjezo pologalamu ikawerenga, ndipo Android 12 idachitanso chimodzimodzi mu 2021. Pakompyuta ya Windows, yomwe imapezeka m'maofesi ambiri, chenjezo lotere silituluka.

Ngakhale malongosoledwe okoma sakhulupiridwa msanga. Mu Epulo 2025 akatswiri a Invariant Labs adaonetsa kuti wopanga chida woipa mtima akhoza kubisa malamulo m'malongosoledwe omwewo, pomwe AI imawerenga zonse koma munthu amangoona chidule. N'chifukwa chake n'kofunika kudziwa yemwe adapanga chidacho ndi kuwerenga malongosoledwe onse, osati dzina lokha.

Udindo sukhala kwa wopanga chida yekha. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la Macra, limapereka udindo kwa wosonkhanitsa uthenga wa anthu ena kuti ausamale. Nambala ya chiphaso cha mlendo ikatuluka kudzera pakompyuta ya paphwando la alendo, mlendoyo adzafunsa mwini malo, osati mnyamata yemwe adabwera kudzaika pologalamuyo.

Vuto n'lakuti malongosoledwewa amalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo wamalonda wa pa Mpamba kapena ku Usisya, komwe katswiri safika tsiku lililonse, amadalira womuikira. Woikayo apemphedwe kutsegula malongosoledwe onse n'kuwamasulira m'Chitonga kapena m'Chichewa asanachoke, komanso atchere pologalamuyo kuti izipempha chilolezo nthawi iliyonse isanawerenge clipboard. Kenaka ayese pamaso pa mwini: akopere mawu opanda vuto, monga akuti "usipa wouma", afunse AI funso losakhudzana nawo, aone ngati yagwiritsa ntchito chidacho. Ikatchula usipawo popanda kufunsidwa, chidacho chichotsedwe tsiku lomwelo, ndipo mawu achinsinsi omwe adakoperedwapo pakompyutayo asinthidwe.