Nkhomaliro ya Ramen ku Japan

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana m'mizinda ya ku Japan, amisiri, makalaliki ndi ophunzira amandanda pakhomo pa tinyumba todyera ta m'dera lawo. Chimene amadikira ndi ramen, chakudya cha ufa wa tirigu chopangidwa ngati tizingwe tatitali, choikidwa m'mbale yakuya yodzaza ndi msuzi wotentha.

Tinyumbati n'tating'ono ndithu. Tambiri tili ndi tebulo limodzi lalitali loyang'anizana ndi wophika. M'malo ambiri munthu amayamba waponya ndalama m'makina a pakhomo, natola tikiti, naipereka kwa wophikayo. Posakhalitsa mbale imafika, pamwamba pake pali nyama ya nkhumba yodulidwa mopyapyala, anyezi wamasamba, mphukira za nsungwi, mwinanso dzira lowiritsa.

Wakudyayo amanyamula tizingweto ndi timitengo tiwiri, nkumatikoka ndi milomo mochita phokoso. Kumeneko phokoso lotere si mwano ayi, popeza limathandiza kuziziritsa chakudyacho. Kuchedwa nako sikufunika, chifukwa tizingweto tikakhalitsa mu msuzi timafewa n'kutaya kukoma kwake, ndiponso panja pali ena odikira mpando. Munthu akatha amathokoza wophika ndi mawu akuti gochisosama, nanyamuka.

Koma mbale imene imatha m'mphindi zochepa imatenga nthawi yaitali kuikonza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Fukuoka amawiritsa mafupa a nkhumba maola ambirimbiri mpaka msuzi uyere ngati mkaka, ndipo amautcha tonkotsu. Ku Sapporo amathiramo miso, chomwe ndi chosinja cha soya wosasitsa, pamene ku Tokyo amakonda shoyu, madzi akuda a mchere ochokeranso ku soya.

Chakudyachi chinadza ndi anthu a ku China amene anakhala m'madoko monga la Yokohama. Nyumba yodyera ya Rairaiken, imene inatsegulidwa ku Asakusa mu mzinda wa Tokyo mu 1910 n'kulemba ntchito ophika Achitchaina, inachitchukitsa pakati pa anthu wamba. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, mpunga unasowa kwambiri, ndipo tirigu wochokera ku America ndiye analowa m'malo mwake. Motero ramen inasanduka chakudya cha anthu ogwira ntchito zolemetsa, chokhutitsa koma chotsika mtengo. Mu 1958 Momofuku Ando anatulukira ramen youma yongothira madzi otentha, kholo la timapaketi timene timagulitsidwa m'masitolo m'maiko ambiri lerolino.

Mbiri yomweyi ndiyo yaika eni tinyumbati pa mpanipani. Anthu a ku Japan anazolowera kuti mbale ya ramen isamapitirire 1,000 yen, kotero kuti mtengowu anaupatsa dzina loti khoma. Chikhalirecho mitengo ya ufa, nyama, gasi ndi magetsi inakwera kwambiri kuyambira 2022. Wophika akakweza mtengo amaopa kuthawidwa ndi anansi amene amadya pake tsiku ndi tsiku. Akapanda kukweza amagwira ntchito yopanda phindu. Akachepetsa mafupa mu mphika, lilime la wakudya limazindikira msanga. Bungwe la Teikoku Databank linapeza kuti mu 2024 mabizinesi a ramen 72 anagwa ndi ngongole, chiwerengero chachikulu koposa zaka zonse za m'mbuyo mwake.

Makampani aakulu okhala ndi nthambi zambiri amagula katundu wochuluka nthawi imodzi, choncho amapirira. Amene ali pangozi ndi bambo ndi mayi amene amaphika okha msuzi wawo mwa njira yodziwa iwo eni. Kanyumba kotere kakatsekedwa, kukoma kwa msuziwo kumapita nako, pakuti kaphikidwe kake kawirikawiri kamakhala m'mutu ndi m'manja mwa mwini wake yekhayo.