Kumkombaphala kwathu tsopano ndi phokoso lokhalokha

Kale ukamadutsa pamkombaphala wa m'mudzi mwathu, kuno ku Dedza, unkamva zomwezomwezo tsiku ndi tsiku. Mlezi akati "A!" ana onse "A!", akati "E!" onse "E!", mpaka dzuwa kufika paliwombo. Tiana ta zaka 3 mpaka 5 tinkakhala pamkeka miyendo chowongola, manja pamaondo. Kamwana kakayamba kujambula pansi ndi chala, kankauzidwa kuti kakhale bwino. Onse mtima unali pa phala, ndipo likangotha ambiri ankazemba kudzera kuseri kwa tchalitchi.

Alezi athu sitingawadzudzule ayi. Ndi anthu ongodzipereka, mwezi ukatha salandira kanthu, ndipo ankaphunzitsa momwe iwonso anawaphunzitsira ku Sitandade 1.

Chaka chatha kunabwera mayi wina wochokera ku Blantyre amene ntchito yake ndi kuphunzitsa alezi. Ife tinkati abwera ndi makatoni a zidole za m'shopu. Koma ayi, anatsika minibasi ndi kachikwama kamodzi basi. Kutacha anatituma zitsekerero za mabotolo, zitsononkho, zitini zakale, mchenga ndi dongo la kudambo. Agogo ena anapukusa mutu: "Kodi mdzukulu wangayu ndamutumiza kusukulu kapena kudzala?"

Tapitaniko lero mukadzionere! Pakona pali sitolo. Mchenga ndi shuga, masamba a mango ndi ndalama, ndipo wogulitsa wa zaka zinayi sapusitsika: ukamupatsa masamba atatu pa katundu wa anayi, akubweza kuti ukawonjezere. Uyu ndi mwana amene kale ankatchula 1 mpaka 20 pamtima koma ukamutuma miyala isanu ankabwera nayo yodzaza manja. Panja anyamata ndi atsikana akuumba ng'ombe, akuzimangira khola la timitengo, akukangana kuti yayikulu ndi iti. Mayi aja anatiuza kuti zala zimene zikukanda dongozi ndi zomwe zidzagwire pensulo mwanayo akadzakwanitsa zaka 6, ndipo kuzilimbitsa ndi panopa. Phada amene tinkati ndi wotayitsa nthawi, kani ndi masamu.

Alezi nawo anasintha. Tsopano amanjuta pansi n'kumafunsa mwana kuti, "Ng'ombe yakoyi ikupita kuti?" Yankho lake limatenga nthawi yaitali, ndipo sayerekeza kulidula. Phala likatha palibe wothawa. Azimayi amachita kudzakoka ana awo kuti akasambe. Nanga agogo a kudzala aja? Ndiwo amabwera Lachisanu lililonse kudzakamba nthano, ndipo mpando wawo sakhalapo wina.

Vuto ndi lakuti mayiwo anakhala nafe kanthawi kochepa, ndipo midzi yoyandikana nayo yayamba kutichitira kaduka. Komiti ya mkombaphala yagwirizana zowaitananso kuti adzakhale teremu yathunthu, alezi a midzi ina azidzaphunzirira pompano, ana ali pomwepo, osati m'holo ya kuboma. Amfumu apereka kale nyumba. Azimayi alonjeza ufa, ndiwo ndi nkhuni. Chatsala ndi ndalama ya thiransipoti, malipiro a mayiwo, ndi kangachepe kogulira mapepala ndi makrayoni. Inu ana a m'mudzi muno amene muli ku Lilongwe ndi ku Joni, msungichuma wa komiti mukumudziwa, ndipo buku watsegula kale. Amene m'thumba mwauma, mukamwa Fanta musataye chitsekerero, chifukwa za Coca-Cola zatichulukira ndipo ana akudandaula kuti mtundu wa lalanje ukuchepa.