Chikomekome cha Mkuyu

Mwambi wa makolo wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere umandifikira ndikamaganizira mfuti ya Colt Python, imene inatulukanso ku America mu 2020 pa mtengo wa madola 1,499; pakuti ena mwa oigula anadandaula kuti chosungira zipolopolo chikukana kuzungulira, ndipo opanga ake anazilandiranso mfutizo nazikonza, monga mwa pangano lawo ndi ogula. Koma kwa ife a ku Mzimba, kuyambira paboma kufikira ku Embangweni ndi Jenda, amene katundu wathu wamtengo wapatali amadza ndi ana athu pochokera ku Johannesburg, kalata ya pangano lotere imangogona m'sutikesi, popeza sitolo yoyenera kuilemekeza inatsala kutsidya kwa Limpopo.